Ulendo Umene Ndinayenda Ndiri Cikhalire

Anzanga ambiri pa sukulu pano akumbukira kuti m'cigawo caciwiri ca caka cino kunamveka mbiri yakuti mnyamata wina wa Fomu 3 wayamba ufiti, pakuti anthu anamuona m'bandakuca atakhala yekha kuseri kwa nyumba yogonamo, atapinda miyendo ndi kutseka maso. Mnyamatayo ndine. Pamene akonzi a magazini ino anapempha nkhani, ndinaganiza kuti nkwabwino ndifotokoze ndekha cimene ndinali kucita kumeneko, ndi cimene cinandifikitsa kumeneko, kuti amene anandiopa aleke kuopa, ndiponso kuti wina amene wasenza katundu wonga wanga adziwe kuti sali yekha.

Ine ndinali ndi acimwene amodzi okha, amene anali kugwira nchito ya ukalipentala m'tauni. Popeza atate anatisiya ine ndikali wamng'ono, acimwenewo ndiwo anali kundilipirira sukulu, ndiponso ndiwo anali kutumiza ndarama za sopo ndi mcere kwa amai kumudzi. Pa chuthi ca mwezi wa Ogasiti caka catha anabwera kudzationa, ndipo ine ndinawapempha nsapato zatsopano, pakuti zanga zinali zitang'ambika kutsogolo ndipo anzanga anali kundiseka. Iwo anati ndidikire kufikira Khirisimasi, cifukwa nchito sinali kuyenda bwino. Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo ndinanena mau amene ndicita nao manyazi, koma ndiyenera kuwalemba. Ndinati, "Ngati mwalephera kundisamala nenani, ndikafune mbale wina." Acimwene sanandiyankhe kanthu. Anangondiyang'ana, natenga cipewa cao, naturuka panja. M'mawa mwace anakwera basi ine ndisanadzuke. Amenewo ndiwo mau otsiriza amene ndinalankhula nao.

M'mwezi wa Novembala, tsiku lina Lacitatu tiri m'kalasi, ndinaitanidwa ku ofesi, ndipo kumeneko ndinapeza atsibweni atakhala, mutu uli pansi. Galimoto imene acimwene anakwera pobwera kumudzi inagubuduzika pa njira, ndipo iwo anafera pomwepo. Za maliro sindinena zambiri, pakuti ambiri a inu mudziwa m'mene zimakhalira. Titaika maliro, atsibweni anauza abale kuti adzagulitsa mbuzi zao ndi kundilipirira sukulu, koma anaceukira kwa ine nati, "Mphwanga, mbuzi zanga zisapite pacabe."

Pamene tinatsegulira sukulu mu Januwale, ndinapeza kuti tulo tandithawa. Nyali zikazima, anzanga nkuyamba kuliza mkonono, ine ndinali kungoyang'ana kudenga ndi kumva mau anga aja alikubwerezabwereza m'mutu. Ndinali kuganiza kuti acimwene anakwera galimoto ija cifukwa ca ine, kuti anali kudza ndi ndarama za nsapato, ndi kuti ndikadasunga pakamwa panga bwenzi ali moyo. Sindinauze munthu ali yense. M'kalasi ndinali kuodzera, ndipo pa mayeso a masamu, amene kale ndinali kukhoza bwino, ndinapeza 31 pa 100. Kupemphera ndinayesa, koma mau anali kuuma pakamwa, cifukwa ndinali kudziona ngati Kaini.

Masana ndinayamba kubisala m'nyumba yosungiramo mabuku, si cifukwa cokonda kuwerenga ai, koma cifukwa m'menemo munthu sakufunsa kuti wakhaliranji duu. Tsiku lina pa shelefu ya pansi ndinapeza buku lakale lacingerezi, cikuto cace citathothoka, lonena za zipembedzo ndi nthano za mitundu ya anthu. Ndinalitsegula mwaulesi, koma nkhani imene maso anga anagwerapo inandigwira mtima kotero kuti belu la cakudya sindinalimve.

Inali nkhani ya Gilgamesh, mfumu ya mzinda wa Uruk, m'dziko limene lero tilicha Iraq. Nkhaniyi inayamba kulembedwa pa mapale a dothi zaka zoposa 3,000 zapitazo, ndipo inaiwalika kufikira pamene anthu ofukula mabwinja anapeza ena a mapalewo ku Nineveh. M'caka ca 1872 George Smith, wogwira nchito ku British Museum ku London, anawerenga pa phale lina mbiri ya cigumula. Gilgamesh anali ndi bwenzi la pamtima dzina lace Enkidu. Bwenzilo litamwalira, mfumuyo inakana kuliika m'manda kufikira mtembo unayamba kubvunda. Pamenepo inagwidwa ndi mantha a imfa, nisiya ufumu wace, nibvala cikopa ca mkango, niyendayenda m'cipululu kufunafuna nkhalamba ina dzina lace Utnapishtim, imene inapulumuka cigumula nipatsidwa moyo wosatha. Ataoloka nyanja ya imfa anaipeza, ndipo nkhalambayo inamuyesa kuti akhale maso masiku 6 ndi usiku 7, pakuti wolephera kugonjetsa tulo angagonjetse bwanji imfa? Gilgamesh atangokhala pansi anagona tulo tofa nato, ndipo mkazi wa nkhalambayo anali kuphika mkate umodzi tsiku ndi tsiku nauika pambali pace, kuti podzuka asakane. Pambuyo pace anamuuza za citsamba ca pansi pa nyanja cobwezera munthu unyamata. Anamira nacitenga, koma pa njira, alikusamba pa dziwe, njoka inadza niciba. Motero anabwerera ku Uruk cimanjamanja.

Ndinaseka pang'ono powerenga za tulo, pakuti mfumu inalephera kukhala maso pamene ine ndinali kulephera kugona. Koma kuseka kwanga kunatha msanga, poona kuti munthu wa kale lomwe, wa cinenero cimene sindidzacimva, anadwala nthenda yanga yomwe.

Masiku otsatira ndinawerenga za Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko la Nepal la lero, zaka ngati 2,500 zapitazo. Mbiri imene otsatira ace amasimba imati atate wace anamcinjiriza kuti asaone zowawa za dziko, koma poturuka kunja kwa mpanda anaona nkhalamba, tsiku lina wodwala, tsiku lina mtembo, ndipo potsiriza munthu amene anasiya zonse kukafuna coonadi. Ali ndi zaka 29 anacoka usiku, nasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Zaka 6 anaphunzira kwa aphunzitsi osiyanasiyana ndi kudzizunza ndi njala kufikira nthiti zace zinali kuwerengeka, koma sanapeze cimene anali kufuna. Pamenepo analandira phala la mpunga ndi mkaka kwa mkazi wina dzina lace Sujata, nadya, nakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu, pa malo amene lero achedwa Bodh Gaya, m'cigawo ca Bihar ku India. Anakhala cete, nayang'anitsitsa za mumtima mwace, ndipo kuyambira pamenepo anthu anamucha Buddha, ndiko kunena kuti wogalamuka.

Bukulo linachulanso munthu wa ku America, Joseph Campbell, amene m'caka ca 1949 anaturutsa buku lonena kuti nthano zambiri za ngwazi ziri ndi njira imodzi: munthu acoka kwao, akumana ndi zoyesa, napeza kanthu, ndipo abwerera kwa anthu ace. Ndinamva pambuyo pace kuti ophunzira ena amtsutsa, nati nthano za mitundu yonse sizingalowe m'thumba limodzi, ndipo ndiyesa anena zoona. Koma ine nthawi imeneyo ndinakonda cigawo coyamba cokha, ca kucoka. Kawiri konse ndinaganiza zothawa sukulu ndi kupita kumene kulibe wondidziwa. Cimene cinandiletsa ndi mbuzi za atsibweni.

Popeza sindikanatha kuyenda ndi miyendo, ndinacita cidwi ndi mutu wina wa bukulo, wonena za anthu amene amayenda ulendo osacoka pamalo. Kwa anthu a mtundu wa Evenki, ku dziko lozizira la Siberia, kuli asing'anga ochedwa shaman, ndipo kumeneko ndiko kunacokera dzina limeneli. Shaman amaimba ng'oma yace kufikira adziiwala, ndipo anthu ace akhulupirira kuti mzimu wace wapita kumwamba kapena kunsi kwa dziko kukabweza mzimu wa wodwala umene unasokera. Ambiri a iwo asanayambe nchitoyi amadwala kwambiri, nalota thupi lao lirikudulidwadulidwa kufikira atsala mapfupa okha, ndi kumangidwanso. Ku India kuli njira yina, ya yoga, liu la cinenero ca Sanskrit limene muzu wace utanthauza kumanga m'goli, monga timangira ng'ombe za ngolo. M'njira imeneyi munthu akhala cete, nasamala mpweya wace, naweta maganizo ace, ndipo mphunzitsi wakale Patanjali anaiika m'makwerero 8. Munthu wa ku Romania, Mircea Eliade, analemba za zonse ziwiri, za shaman m'caka ca 1951 ndi za yoga m'caka ca 1954. Masiku ano ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene asanganiza ziwirizi naziphunzitsa pamodzi, ngakhale eni ace a ku Siberia ndi a ku India asiyana kutali m'miyambo yao. Ine ng'oma ndinaiopa, ndiponso ikadadzutsa sukulu yonse. Tsono ndinasankha kukhala cete.

M'mawa wina belu lisanalire ndinanyamuka mwakacetecete ndi bulangeti langa, ndipo ndinakakhala patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu yogonamo. Ndinapinda miyendo, ndinaongola msana, ndipo ndinayamba kuwerenga mpweya poturuka, kuyambira 1 kulinga ku 10, monga bukulo linanenera. Ukasokonezeka uyambenso pa 1. Anzanga, ndinayesa kuti ndi nchito ya mwana, koma sindinapitirire 4. Maganizo anga anali ngati mbuzi yodula cingwe m'dzinja, ukaikokera kuno yalowa kale m'munda wa uje. Ndinaganiza za phala la m'mawa, za mpira, za udzudzu umene unali kundiluma m'khosi, ndipo miyendo inacita dzanzi. Sindinaone masomphenya, sindinakwere kumwamba, ndipo sindinamve mau a mzimu uli wonse. Koma akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, motero ndinabwererako m'mawa ndi m'mawa, mphindi 10 kapena 15.

Patapita masabata awiri ndinazindikira kanthu kamodzi. Nthawi zonse maganizo akafika pafupi ndi acimwene, ndinali kuwapitikitsira kwina msanga msanga, monga munthu alambalala nyumba imene ali nayo ngongole. M'mawa wina ndinati lero sindithawa. Ndinalola nkhope yao idze, ndi cipewa cija, ndi mau anga aja, ndipo ndinapitiriza kupuma ndi kuwerenga. Pamenepo misozi imene inakana kuturuka pa maliro inaturuka yonse, ndipo ndinalira mokweza osadziwa kuti ndirikumveka. Ndiwo m'mawa umene anzanga awiri, popita kukatunga madzi osamba, anandiona nathawa.

Pofika madzulo mbiri inali itawanda. Ena anati ndirikuitana mizimu kuti ndikhoze mayeso, ena anati ndalowa gulu la oyenda usiku. Mnzanga amene ndimadya naye mbale imodzi anasamukira ku gome lina. Sindiwaimba mlandu, pakuti nanenso ndikadaona cotero ndikadaliyatsa liwiro. M'mawa mwace aphunzitsi oyang'anira nyumba zogonamo, amenenso atiphunzitsa mbiri yakale, anandiitana. Ndinalowa ndirikunjenjemera, buku lija liri m'manja, ndikuyesa kuti lero ndicotsedwa sukulu.

Anandifunsa, "Kodi umapembedza yani kuseri kuja?"

Ndinati, "Aphunzitsi, sindipembedza kanthu kumeneko, ndimangowerenga mpweya wanga."

Anatenga bukulo nawerenga nthawi ndithu, ndipo anafunsanso, "Nanga unali kuliriranji?" Pamenepo ndinawauza zonse, ndipo iwo ndiwo anali oyamba kumva kwa ine za nsapato zija.

Atamva anakhala cete pang'ono, nati, "Mwana wanga, kukhala cete si ufiti, koma kuturuka m'nyumba belu lisanalire ndi kuswa lamulo, ndipo Loweruka udzachecha udzu. Tsono taona pano. Makwerero a Patanjali iwe wawayambira pakati. Kukhazika thupi ndi kwerero lacitatu, kusamala mpweya ndi lacinai. Loyamba ndi la makhalidwe, ndipo m'menemo muli kusapweteka mnzako ndi kunena zoona. Iwe wabisira amai ako zoona miyezi yonseyi. Nanga Gilgamesh wako uja, ulendo wace unathera kuti?"

Ndinati, "Kwao, aphunzitsi."

Iwo anati, "Eya, kwao."

Anandisonyezanso tsamba limene ndinalidumpha, la mkazi dzina lace Kisa Gotami. Mwana wace mmodzi yekha atamwalira, mkaziyo anasokonezeka mutu, nayenda ndi mtembo khomo ndi khomo kupempha mankhwala. Anthu anamtumiza kwa Buddha, ndipo iye anamuuza kuti akatenge mbeu za mpiru, koma zicokere m'nyumba imene simunafepo munthu. Mpiru unali m'nyumba iri yonse, ndipo onse anali okonzeka kumpatsa, koma nyumba yosadziwa maliro sanaipeze. Pamenepo anazindikira, nakaika mwana wace.

Aphunzitsi ananditumiza kwa anamwino kuti ndikanene za tulo, ndi kwa abusa kuti ndikanene za pemphero, ndipo anandilola kumakhala cete m'kalasi mphindi 10 tisanayambe kuwerenga kwa madzulo. Usiku umenewo analankhula ndi anyamata onse a m'nyumba yathu, nawauza kuti yoga si cinthu cobisika, pakuti m'caka ca 2014 bungwe la United Nations linasankha tsiku la 21 Juni kuti likhale tsiku la yoga pa dziko lonse. Za nsapato sanachule, ndipo ndiwathokoza cifukwa ca ici.

Pa chuthi ca Pasaka ndinapita kumudzi ndi mtima wolemera. Masiku atatu ndinazengereza. Tsiku lacinai madzulo, tirikuthothola mtedza pakhonde ine ndi amai, ndinapuma katatu monga ndinazolowera, ndipo ndinati, "Amai, ndiri ndi mau. Acimwene anafa cifukwa ca ine." Ndinawauza za nsapato, ndi mau amene ndinanena, osasiyako limodzi. Amai anasiya mtedza, nandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anayamba kulira. Anati, "Mwana wanga, iwenso kodi? Ine miyezi yonseyi ndakhala ndirikudziimba mlandu, pakuti ndine ndinamtumizira mau kuti mvula yayandikira, abwere msanga ndi feteleza. Thumba lace analipeza pa malo a ngozi pomwepo. Usiku uli wonse ndimati ndikadapanda kumfulumiza."

Ndinadabwa kwambiri, pakuti pa Khirisimasi tinadyera pamodzi masabata atatu, yense ndi mlandu wace mumtima, wina osadziwa za mnzace. Za mau anga aja amai anati acimwene anawauza usiku womwe uja, ndipo anawawidwa nao mtima ndithu. Zimenezo sanandibisire, ndipo zinandilasa. Koma anatinso acimwene anawapempha kuti asandikalipire, ponena kuti iwonso pa msinkhu wanga anali a pakamwa potentha. Tinakhala pakhondepo kufikira mdima, mtedza osatha, ndipo usiku umenewo ndinagona kufikira tambala wotsiriza.

Tsono ena a inu andifunsa ngati ndasiya Cikristu ndi kulowa cipembedzo ca ku India. Iai, sindinasiye, tsopano ndimatha kupemphera, kumene mu Januwale sindinali kutha. Ndimakhalabe cete mphindi 10 madzulo, ndipo masiku ambiri sindifikabe pa 10 osasokonezeka. Kukhala ceteko sikunadzutse acimwene, ndiponso sikunafafanize mau anga, pakuti madzi akatayika saoleka. Kunangondisonyeza cimene ndinali kuthawa, ndipo cotsalaco cinafuna kuti nditsegule pakamwa, coyamba kwa aphunzitsi, pambuyo pace kwa amai. Ndikadakhala pansi pa mango paja caka conse osauza munthu, sindikadadziwa za thumba la feteleza, ndipo amai akadakhala alikuliliza okha. Pa mayeso otsiriza a masamu ndinapeza 58, ndipo atsibweni atamva anati mbuzi yaciwiri aigulitsa ndi mtima woyera.

Mnzanga uja anabwerera ku gome lathu titatsegulira cigawo cino. Tsiku lina tirikucapa zobvala anandiuza kuti amai ace anamwalira iye ali mu Sitandade 7, ndi kuti tsiku limene anadwala iye anali ku mpira, atakana kutumidwa. Takhala pamodzi zaka zitatu, ndipo sindinali kudziwa. Kuyambira tsiku limenelo, nyali zikazima ndimayang'ana makama a m'nyumba yathu, ndi kudzifunsa kuti ndi kama uti umene Kisa Gotami akadapezapo mpiru wace.

Buku lija ndalimata cikuto catsopano ca pepala lolimba, ndipo ndalibweza pa shelefu ya pansi, kudzanja lamanzere polowa. Amene afuna aliwerenge, koma asadumphe masamba monga ndinacitira ine, ndipo asaturuke belu lisanalire, pakuti udzu wa kuseri kwa khichini ndi wolimba. Ndipo ngati alipo wina mwa inu amene tulo tamthawa, adze andipeze, kapena apite kwa aphunzitsi amene awakhulupirira, kapena alembe kalata kwao, cigawo cino cisanathe.

Wophunzira wa Fomu 3